A Simeon ndi Foni ya m'Chiguduli

Mukafuna kukamba za nsanje kuno ku Santhe, musavutike n'kufunafuna, tchulani malemu a Simeon. Iii, munthu uja! Akazi awo, a Dailes, akamagula tomato kwa mwamuna pamsika, iwo ankaima kumbuyo n'kumatsokomola mpaka wogulitsayo ayang'ane kumwamba. Ngakhale abusa amene, akatalikitsa chanza pakhomo la tchalitchi, ankamva chifuwa chija chikuyamba. A Dailes anazolowera. Ankati chifuwa cha amuna awo chimadziwa thalauza.

Chaka china fodya atawayendera bwino ku okushoni, a Simeon anagulira akazi awo foni yapamwamba pashopu ya Geoffrey, kuti azilankhula ndi Rute, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa ku Mzuzu. Geoffrey anati foniyo ili ndi waranti: ikadwala chaka chisanathe, imapita ku Lilongwe kukakonzedwa ulere.

Ndiye inadwaladi, nthenda yake yachilendo. A Dailes ankamumva bwinobwino woimba, koma woimbayo osamva kanthu. Rute ankangokuwa, "Amayi! Muli pomwepo?" amayi ake akuyankha mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera. Apa n'kuti Rute ali woyembekezera koyamba, ndipo a Dailes malangizo atawadzadza mumtima.

A Simeon? Chimwemwe chokhachokha.

"Foni yaulemu iyi," anatero. "Mawu a mkazi wa mwini sangamangolowa m'khutu la aliyense."

"Aliyense wake ndi mwana wanu, abambo a Rute."

"Nanga mkamwini akakhala pafupi?"

Waranti itatsala pang'ono kutha, a Dailes anawakokera kwa Geoffrey.

"Tiitumiza ku Lilongwe, madala," anatero Geoffrey.

"Yokha?"

"Pabasi, ndi zinzake."

"Akaikonze ndani?"

"Amisiri a kumeneko."

"Okwatira?"

"Aaa, madala, ine ndingadziwe bwanji?"

"Mwaona! M'menemu muli chithunzi cha amayi awa atavala yunifolomu ya Mvano, akumwetulira. Ndiye ndikachipereke kwa tambwali wa m'tauni? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Geoffrey, wapachala ngwamphepo!"

Anaganiza zoiperekeza okha. Koma kupita ku Lilongwe kunali kusiya a Dailes okhaokha pamudzi, m'mudzi momwe muli amuna. Kutsala, foni ipita yokha kwa amuna. Bambo wamkulu anaonda nazo zimenezi, ndikukuuzani.

A Dailes sanakangane nawo. Tsiku lina Rute ataimba, anangoika foni ija pakhutu pa amuna awo. A Simeon anamva mwana wawo akulira, akuti akuopa, akufuna mawu a amayi ake.

"Tili pano, mwanawe!" anakuwa. Ku Mzuzu osamva. Chifuwa chimene chinawagwira tsiku limenelo sichinali cha nsanje ayi.

M'mawa mwake anavala jekete, nauza Geoffrey kuti awajambule ndi foni yomweyo atatong'ola maso, chala chikuloza, ndipo nkhope imeneyo aiike pagalasi. Kenako anaikulunga m'chiguduli, naisoka ndi chisingano cha mabelo, n'kulembapo nambala yawo ya ulimi ndi penti, ngati belo lopita ku okushoni.

"Woyatsa ayambe wakumana ndi ine," anatero.

Geoffrey anawachenjeza kuti pokonza, zonse za m'kati zikhoza kufufutika. A Simeon anati nkhope yawo sifufutika wamba.

Foni isanabwere, a Simeon anagwa m'chigafa akupachika fodya, osadzukanso. Tinawaika. Anthu atabalalika, a Dailes anafufuza m'nyumba monse, osapeza chithunzi cha amuna awo ngakhale chimodzi. Chikanachokera kuti? Paukwati uliwonse a Simeon ankaima kumbuyo kwa wojambula, kumuyang'anira. Chokhacho chinali ku Lilongwe, m'manja mwa amisiri aja, ndipo mawu a Geoffrey a kufufutika anawasowetsa mtendere.

Foni itakonzedwa, Geoffrey anabwera nayo yekha panjinga. A Dailes anaiyatsa. Galasi linawala, ndipo awo! Maso ali tong'o, chala chikuloza. Akuti mmisiri wake anachita mantha kuchotsa chithunzicho. A Dailes anaseka mpaka kuseka kunasanduka kulira. Ataimbira Rute, mwana anawamva amayi ake, iwonso n'kumva kakhanda kakulira ku Mzuzu.

Masiku ano amuna pamsika amawapatsa moni a Dailes momasuka, palibe wotsokomola kumbuyo, ndipo kunena zoona msikawo sukomanso. A Dailes amati chimene chimawapweteka n'chakuti palibenso wowachitira nsanje.

Sabata yatha foni inalira tili limodzi. Anali mwamuna wina wosokoneza nambala, mawu ake osalala, ofuna kucheza. A Dailes anayang'ana nkhope ija pagalasi, natsokomola.

"Pepani bambo, ndine mkazi wa mwini," anatero, n'kudula.