Mmene Ndinaitanira Ankhoswe pa Ukwati Wosadwala

Pali zinthu zina zomwe ndimafuna dziko litaiwala, koma achemwali anga salola.

Nthawi ya Chitaganya ndinkakhala kwa achemwaliwo ku Naperi, ndikuphunzira ku sekondale. Alamu anali kalaliki m'tauni, komanso ankayankhula pamisonkhano yokana Chitaganya. Akangoweruka, awiriwo ankayala nyuzipepala patebulo n'kuyamba kukangana. Achemwali ankakweza mawu, alamu ankamenya tebulo. Amayi otunga madzi pampopi ankanena kuti mkazi woyankha mwamuna chotere sakhalitsa pabanja, ndipo ine (ndi nzeru zanga zonse za m'kalasi) ndinawakhulupirira.

Loweruka lina m'mawa ndinamva achemwali akuuza alamu kuti mfundo zawo n'zopanda mutu, ngakhale mwana angawagwetse nazo. Mumtima ndinati basi, ukwati watha. Ndinavala yunifolomu (kuti andione ngati munthu wamkulu), ndinakwera basi ya ku Limbe, n'kukagwada pamaso pa amalume, omwe anali ankhoswe a achemwali. Ndinalira mokwanira. Amalume anavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo tinadzera kukatenga ankhoswe a kuchimuna, poti mlandu wa banja suzengedwa mbali imodzi.

Tinawapeza awiriwo pakhonde, akumwa tiyi ndi kuseka. Atatha malonje, amalume anatsokomola n'kufunsa chimene chavuta m'nyumba muno. Maso onse anatembenukira kwa ine.

Kunapezeka kuti alamu ankakayankhula pamsonkhano mawa lake, ndiye achemwali ankadziyesa dala munthu wa boma, n'kumawapanikiza ndi mafunso kuti asakachite manyazi pagulu.

"Amalume," anatero alamu, "kunjaku aliyense amangondiombera m'manja. Wonditsutsa ndili naye mmodzi yekhayu. Ndiye mwabwera kudzandilanda?"

Amalume anati poti majekete avala kale, angomvako mfundozo. Alamu asanafike n'komwe pakati, ankhoswe a kuchimuna anawadula n'kunena kuti mayiyu akunena zoona, apa pafooka. Mkangano unabukanso, tsopano wa anthu anayi. Ine anandituma kukatereka tiyi wina, ndipo palibe anandikalipira (bola akanandikalipira).

Ndinaphunzirapo kufunsa kaye ndisanakwere basi. Koma kunena zoona, ndikadzakwatiwa ndikufuna mwamuna woti tikayamba kucheza, amayi a pampopi azidzatidera nkhawa.