Kamchira ka -ly

Lolemba
Nkhani yabwino! A insipekitala akubwera Lachisanu kudzaona kalasi langa la Sitandade 6. Akakondwa, a hedi akuti apereka dzina langa ku koleji ya aphunzitsi, ndisiye kutchedwa wothandizira. Phunziro ndasankha kale: mfotokozi ndi muonjezi m'Chingelezi. Zosavuta! Ukatenga slow n'kumata kamchira ka -ly, watuluka slowly. Basi!

Lachiwiri
Ana agwira msanga zedi! Quick, quickly. Bad, badly. Pa loudly akuchita kukuwa mpaka a hedi asuzumira pazenera. Uphunzitsi ndi umenewu!

Lachitatu
Kamchira kafalikira ponseponse. Zomwe ndamva lero:
fastly
goodly
bigly
Ndikuwauza kuti good amasanduka well, fast sasintha. Nachisale, mtsikana wokhala kutsogolo, dzanja m'mwamba: "Chifukwa chiyani, sala?" Ndamuyankha kuti Angelezi anapangana choncho.

Lachinayi
Buku likuti friendly ndi mfotokozi, chonsecho kamchira ali nako! Ndafufuta pabolodi msangamsanga Nachisale asanaone. Masana kulibe kalasi, tonse kubwalo kukayeserera nyimbo za chipani. Ndikukuwa "well! well!" pakati pa ng'oma kuti ana asaiwale phunziro. Akuyesa ndikuyamikira mavinidwe.

Lachisanu
A insipekitala afika pa njinga yamoto kuchokera ku Mponela, fumbi mpaka m'nsidze. Zikuyenda! Slowly watuluka, quickly watuluka, ngakhale well! Kenako afunsa: "How does your teacher work?" Kalasi lonse, mawu amodzi: "He works hardly!" Ine chimwemwe, ndawauza adziombere m'manja. A insipekitala akutsokomolera m'kansalu nthawi yaitali. Liyenera kukhala fumbi lija.

Loweruka
Silinali fumbi. A hedi andiitanira kwawo, ndawapeza akusankha fodya m'chigafa. Akuti wolimbikira ntchito amati works hard. Hardly ndiye kuti munthu sagwira ntchito n'komwe. Ana andinenera ulesi pamaso pa boma, ine n'kuwaombetsa m'manja! A hedi, maso ali pafodya: "Za koleji tidzaona chaka chamawa, aphunzitsi."

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi, bambo a Nachisale andipatsa moni wa manja awiri. Akuti mwana wawo tsopano ndi Chingelezi chokhachokha pakhomo, ndi mbuzi zomwe akuzithamangitsa ndi "go awayly", ndipo zikumvera. Andipatsa tambala wonenepa. Kuwakonza sindinathe, anthu anali ambiri. Ndalandira. Koleji idikire, tambalayu sadikira.