Manotsi Amene Anaba Zithunzithunzi za Fomu 2

Tsoka silinunkha. Likanakhala kuti limanunkha, bwenzi Lolemba lija nditalimva fungo ndisanakwere kabaza, ndipo bwenzi lero ndilibe nkhani yokuuzani. Koma ndinanyamuka ndikuimba likhweru, tayi ili pakhosi, osadziwa kuti kumbuyo ndasiya moto m'manja mwa ana a eni.

Ndine mphunzitsi wa Chichewa. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditumiza pa sekondale ina ya atsikana yogonera konko, chakufupi ndi Senga Bay ku Salima (dzina la sukuluyo ndilisunga, andichitira kale chifundo chokwanira). Sindimwa, sindisuta. Matenda anga ndi mabuku a nthano zoopsa zochitikira pasukulu, aja mumapezamo chipinda chimene sichitsekulidwa, kapena mwana amene anamwalira kalekale koma akuyankhabe poitana mayina. Ndimawagula kwa mavenda a mabuku akale ku Lilongwe. Tsiku lina ndinadzifunsa kuti bwanji mizukwa yonse yam'mabuku imaphunzira kusukulu za kunja, ngati kuno kulibe mahositelo? Basi ndinayamba kulemba langa, m'Chichewa.

Ndinalakwitsa zinthu ziwiri. Choyamba, nthanoyo ndinkailemba m'hadikava yakuda ya msana wofiira, yofanana ndendende ndi imene ndinkalembamo manotsi a Fomu 2. Chachiwiri ndiye chondichititsa manyazi mpaka lero.

Pasukulupo tili ndi a metironi, Amayi Abiti Juma, mayi wamasiye wobadwira konko kunyanja, amene asamala atsikana m'mahositelo kwa zaka zambiri. Sayenda opanda ambulera yawo yakuda, kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Nditangofika kumene ndinayanika thalauzi langa pa waya wa atsikana, ndipo iwo analibweretsa m'chipinda cha aphunzitsi atalikoleka kunsonga ya ambulera ija.

"Aphunzitsi, ku hositelo kwanga kulibe mwana wovala izi," anatero.

Anzanga anaseka mpaka kugwetsa misozi. Ine ndinasekanso ndi mano okha, koma mumtima ndinasunga. Ndiye pofuna munthu woipa wa m'buku langa sindinavutike. Ndinalemba za metironi wa ambulera yakuda, amene akadutsitsa ambulerayo pamutu pa mwana amamuchotsa chithunzithunzi chake, n'kuchipinda ngati chitenje, n'kukachiika m'sutikesi kunsi kwa bedi. Mwana wopanda chithunzithunzi amaiwala dzina lake pakatha masiku asanu ndi awiri, kenako dzinalo limafufutika lokha m'kaundula. Wofotokoza nkhaniyo anali "ine", mphunzitsi watsopano amene akuona zonsezi ndi maso ake. Ndipo metironiyo ndinamutcha Abiti Juma, dzina lonse osachotsako kanthu (ndinkati ndidzasintha pomaliza, monga mmene tonse timanenera kuti tidzayamba kuthamanga mwezi wamawa).

Kumapeto kwa Okutobala anandiitana ku maphunziro a aphunzitsi a masiku atatu ku boma. Amene munaphunzira sukulu zathuzi mukudziwa mmene timachitira: mphunzitsi akamachoka amasiyira monita buku la manotsi, monitayo amalemba pabolodi, anzake n'kumakopera. Monita wa Fomu 2 anali Tadala, mwana wolemba bwino ndiponso womvera kwambiri. Ndinasolola hadikava m'chikwama mothamanga, wakabaza akundiimbira belu panja.

"Uyambire tsamba loyamba, ulembe zonse, osadumpha ngakhale mpumiro," ndinamuuza. "Amene sakopera ndidzathana naye. Uwauze kuti zimenezi zidzabwera pamayeso."

"Chabwino, sala."

Lachiwiri a Hedi anandiimbira kawiri. Sindinayankhe, poganiza kuti akufuna kundiwonjezera ntchito. Lachitatu m'mawa, wophunzitsa wathu ali mkati mowerenga zimene tonse tinali nazo kale papepala, ndinati ndibe nthawi ndilembeko mutu wina wa buku langa. Ndinatsekula hadikava ija mobisa pansi pa desiki. Pamwamba pa tsamba loyamba panalembedwa kuti "Magulu a Mayina". Ndinatseka, ndinatsekulanso, ngati mwina zisintha. Sizinasinthe.

Ndinatuluka osatsanzika. Nditatsika minibasi pamphambano yopita kusukulu ndinakwera kabaza, ndipo bambo wopalasayo atamva kumene ndikupita anapukusa mutu.

"Kumeneko bwana kwavuta. Simunamve? Kuli mayi wina akuba zithunzithunzi za ana. Ana atatu anakomoka dzulo."

"Ndani wanena zimenezo?"

"Mphunzitsi wina wolimba mtima. Akuti analemba zonse n'kupatsa ana, iye n'kuthawira ku boma kuopa kulodzedwa. Amuna alipo, bwana!"

Ndinangoti "ee", thukuta lili kamukamu.

Zimene zinachitika ndinazimva bwino pambuyo pake. Lolemba atsikanawo anakopera akuseka, ena mpaka anati aka n'koyamba manotsi a Chichewa kukoma. Koma Lachiwiri masana, potuluka kupita kukadya, mmodzi anayang'ana pansi n'kukuwa. Chithunzithunzi chake panalibe. Anzake anayang'ananso, zawo panalibenso. Mwatsoka a metironi anali akudutsa chapomwepo ndi ambulera yawo. Ana anabalalika, ena kugwa, ena kulira mayi awo. Pofika madzulo nkhani inali m'kamwam'kamwa kuyambira kumsika mpaka kumalo ogona alendo. Amayi a pamjigo atawaona a metironi akubwera anachotsa zidebe zawo n'kumwazikana. Wina anaponya mwala pawindo la nyumba yawo. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa anadya ndine wamkulu, zikupota ana ndi mayi wosalakwa.

Ndinafika cha m'ma 11 koloko n'kupeza msonkhano uli mkati pansi pa mitengo ya mango. Makolo anali atadzaza: asodzi ena atangotsika m'boti kuchokera ku chilumba cha Mbenji, ogwira ntchito m'mahotela ali m'mayunifolomu awo, abusa a mpingo wapafupi, ndi a Shehe a mzikiti umene a metironi amapemphera. Ambiri ankafuna chinthu chimodzi, kuti mayiyo achoke pasukulupo tsiku lomwelo, ndipo ena ankanena zoti achoke m'mudzi momwe. A metironi anakhala paokha pamkeka, ambulera atapinda, mwala uli pamiyendo.

Anthu atandiona anaimba m'manja. Bambo wina wamsodzi anandigwira chanza ndi manja onse awiri.

"Inu ndiye mwamuna. Mwapulumutsa ana athu."

Ndivomere pano kuti kwa kamphindi ndinaganiza zongokhala chete. Chibadwire sindinaimbiridwepo m'manja ndi gulu lotere (kusukulu ya ukachenjede anandiimbirako kamodzi, nditagwa pamasitepe). Koma maso anga anakumana ndi a Amayi Abiti Juma. Sanali okwiya. Ankangondiyang'ana ngati mmene amayang'anira mwana amene wabisa foni m'pilo, kudikira kuti aitulutse yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha a Hedi kuti ndilankhule.

Ndinanena zonse. Ndinati ndi nthano yopeka, ndinasinthanitsa mabuku, mayiwa sanalakwe kanthu, ndipo dzina lawo ndinaliikamo chifukwa cha thalauzi. Ndinafotokoza ndi za thalauzilo, pamaso pa abusa ndi a Shehe.

"Amuopseza!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Taonani mmene akunjenjemerera!"

"Sanandiopseze ayi, ndikunjenjemera ndi manyazi."

Tadala anakweza dzanja mwaulemu ngati tili m'kalasi. "Sala, ngati ndi zopeka, bwanji munati zidzabwera pamayeso?"

Bambo wamsodzi uja anawonjezera kuti zopeka kapena ayi, mwana wake wamuuza yekha kuti chithunzithunzi chake chinasowa, ndipo mwana wake sanama. Anthu anavomereza. Ndinaona kuti bodza langa lakula kuposa mwini wake, ndipo mantha anandigwira, osati a ntchito yanga, koma a zimene gulu lija likanawachita mayiwo likangodzuka.

Apo ndi pamene a metironi anaimirira, pang'onopang'ono, n'kudzikonza mpango.

"A Hedi, nthawi ili bwanji?"

"Yatsala pang'ono kukwana 12."

"Alhamdulillah. Ndikupempha nonse mutuluke pamthunzipo, mubwere pabwalo pano. Ambulera ndaisiya pamkeka, musaope."

Anthu anayang'anana. A Shehe ndiwo anayamba kutuluka, abusa n'kutsatira, kenako gulu lonse. Tinaima pamchenga wotentha, dzuwa la ku Salima likutiwotcha paliwombo penipeni.

"Tsopano aliyense ayang'ane pansi."

Aliyense anali ndi kabanga kakuda pansi pa mapazi, basi.

"A Shehe, chanu chili kuti? Abusa, nanga inu? Bambo inu mwabwera lero kuchokera ku Mbenji, ine ndinakupezani liti kumeneko?" Analoza mlongoti wa mbendera. "Uwonso ulibe. Sutikesi yanga ndi yaing'ono, ana anga, mlongoti sungakwanemo."

Bambo wamsodzi uja anayang'ana mapazi ake, anayang'ana kumwamba, n'kudzimenya pamphumi.

"Astaghafirullah! Mwezi uno ngakhale thandala la usipa silikhala ndi mthunzi masana. Ndimaona chaka ndi chaka!"

"Mumaona, koma lero munaiwala," anatero a metironi. "Mayi anga anandionetsa zimenezi ndili kamtsikana, tikuyanika nsomba. Nyengo ino dzuwa limaima pamutu. Amene akufuna chake adikire 3 koloko, ndibweza zonse, ndipo zidzakhala zazitali kuposa eni ake."

Woyamba kuseka anali abusa. Kenako bwalo lonse linaphulika, ndipo atsikana anayamba kudumphadumpha kuti aone timabanga tawo tikusuntha. Mphunzitsi wa Jogalafe anafuna kufotokoza bwinobwino ndi ndodo pamchenga, koma palibe anamumvera. Amene anandiimbira m'manja aja tsopano ankandiloza.

Mu ofesi munalibe kuseka. A Hedi anandiuza mosapita m'mbali kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu, ndipo kalata yopita kwa akuluakulu a maphunziro ikhoza kunditsitsa pantchito sabata yomweyo. Kenako anatembenukira kwa a metironi.

"Amayi, olakwiridwa ndinu. Mawu ndi anu."

Iwo anaika mwala uja patebulo. Unali waukulu ngati chibakera.

"Uwu unagwera pamene mdzukulu wanga amakhala akamadya," anatero. "Dzulo mwanayo anandifunsa kuti, 'Agogo, changa simutenga eti?' Windo ndi galasi chabe, aphunzitsi. Koma funso limenelo landipweteka. Inu mabuku muli nawo awiri, mukhoza kusinthanitsa. Ine dzina ndili nalo limodzi."

Ndinagwada. Sindinachite kuganiza, maondo anapinda okha. Ndinalira pamaso pa a Hedi, tayi ili pakhosi.

"Dzukani, mudetsa thalauzi, ndipo kwanga simudzayanikanso," anatero. "Kalata musalembe, a Hedi. Mukamuchotsa, anthu adzati ndamudya ndine. Akhale pompano, azionedwa tsiku ndi tsiku ali wonenepa."

Anandipatsa zochita zitatu. Choyamba, ndiyende nawo kalasi ndi kalasi, kenako kumjigo, kumsika, kutchalitchi ndi kumzikiti, ndikanene ndi pakamwa panga zimene ndinachita (ndinayenda, nditawanyamulira ambulera, ndipo nkhani ya thalauzi ndinaifotokoza kasanu ndi kawiri). Chachiwiri, mwalawo ndiutenge ndikausunge. Chachitatu anachinena titatuluka panja, motsitsa mawu.

"Ana andiwerengera manotsi anu aja. Mwalekezera pamene mtsikana wa m'nkhanimo watsekula sutikesi. Ndiye anapezamo chiyani?"

"Sindinalembe, amayi."

"Mulembe. Munthu sasiya nkhani pamenepo. Koma dzina langa muchotse, ndipo zoti ndili ndi mano atatu muchotsenso. Awerengeni, onse alipo."

Bukulo ndinalimaliza. Loweruka lililonse masana ndinkapita pakhonde pawo kukawawerengera mutu umodzi, iwo akusankha mpunga, ndipo pamene pankawatopetsa ankandiuza mosabisa kuti apa mwanama moipa. Anandisokera chikuto cha chitenje chobiriwira kuti hadikava ya mizukwa isadzafananenso ndi ya magulu a mayina. Ana a Fomu 2 aja anang'amba masamba aja m'makope mwawo, ngakhale ndikudziwa kuti ena anawabisa. Pamjigo zidebe sizithawanso. Koma panapita miyezi mdzukulu uja asanayambe kundiyankha moni, ndipo sindinamudandaule.

Ndili pantchito lero chifukwa cha mayi amene ndinawaika m'kamwa mwa anthu. Akanatha kundimaliza ndi mawu amodzi, anthu n'kuwaimbira m'manja, koma anasankha kundisunga. Ndimawathokoza, ndipo ndikawauza amangoti, "Zikomo wanuyo mukamuuze waya wa atsikana."

Panopa ndayamba buku lachiwiri. Woipa wake ndi mkulu wa sukulu, wadazi, wokonda kuimbira anthu foni ali ku maphunziro. Dzina ndasintha kale, tsamba loyamba lomwe. Dazilo ndinkafuna kulisiya, chifukwa likukoma kwambiri m'nkhanimo. Koma mapepala anga ndimawatsindika ndi mwala uja kuti asauluke ndi mphepo ya kunyanja, ndipo kuti ndilembe chilichonse ndiyenera kuyamba ndaunyamula. Dzulo ndinaunyamula, ndinaumva kulemera kwake, ndipo mkulu wa sukulu uja ndamumeretsa tsitsi.