Nkhokwe Yanga Yakhoza Masamu

Kwa Bwana Woyang'anira Masamu Onse,
Ku Boma.

Bwana wanga,

Ndalemba chogwada, chipewa chili pansi. Ine ndine Sunday Kumwenda wa ku Tembwe, munthu amene sukulu inamuthawa ali mu Standadi 2. Ndikufuna kukuthokozani chifukwa cha nzeru yanu yoti ana aziphunzira masamu kunja kwa kalasi. Kunjako, Bwana, kunapezeka kuti ndi pakhomo panga.

Choyamba, zikomo chifukwa cha alendo. M'mwezi wa June aphunzitsi a Bradley anafika ndi ana makumi anayi, chingwe ndi nsungwi. Anazunguliza chingwe nkhokwe yanga ngati telala akuyesa mkwatibwi, msinkhu anayesa ndi nsungwi ija, ana n'kumalemba. Mkazi wanga Hellen anawakazingira mtedza. Kwathu kuno ngakhale mwana wobala wekha sasuzumira m'nkhokwe yako. Ana anuwo ulemu ali nawo, sanasuzumire. Anangodziwa zam'kati ataima panja!

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha yankho: matumba 31 ndi theka. Zaka makumi asanu ndikulima osadziwa kuti ndine mpondamatiki! Ndinavina, bondo lodwalali linachira tsiku limenelo. Ndinayesa kunena kuti chimangacho n'chosatonola, chili ndi makoko ndi zitsononkho zomwe, koma a Bradley anati buku silinatchule zitsononkho. Ndine yani ine kuti nditsutse buku? Anawerengeranso kuti ine ndi Hellen timadya matumba 8 pachaka, ndiye otsalawo, 23 ndi theka, ndi ongokhala.

Chachitatu, ndipo apa misozi ya chimwemwe ikudontha papepala, yankholi analiwerenga pa tsiku la makolo, pa chimkuzamawu. Anthu anaomba m'manja. Nkhokwe yanga inakhala nambala wani, chinthu chimene mwini wake sanachionepo.

Manje ndili ndi abale, Bwana! Mlamu wanga Donald wa ku Chikwa, amene anasiya kundipatsa moni kalekale chifukwa cha mbuzi, anabwera pa njinga nati iye si wadyera, angotengako theka lija kuti nambala iwongoke. Mayi wina dzina lake Beauty anandikumbutsa kuti agogo ake ndi agogo anga anawolokapo Luangwa m'bwato limodzi. Anachoka ndi thumba. Akwaya anabwera akuimba, anabwerera akuimba kwambiri. Kale munthu akapempha, ndinkati anankafumbwe andimaliza, iye n'kunamizira kukhulupirira, tonse n'kusiyana mwaulemu. Manje ndikatero amatulutsa kope la mwana wake n'kundilozera ndi chala. Kabodza kakang'ono kamene kankafikitsa mabanja ku zokolola mwakapha ndi chingwe chimodzi. Sukulu ndi yamphamvu!

Chachinayi n'chaching'ono, musavutike nacho. Uno ndi October. Dzulo Hellen analowa m'nkhokwe, ine ndili panja ndinamva mapazi ake akugunda pansi. Kukolola ndi April. Koma sitikudandaula, pakuti ana awerengera bwino: papepala patsala matumba 19. Tikungofunsa kuti pepala limaphikidwa bwanji.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Mwayi wotere usathere kwa ine wosaphunzira. Tumani a Bradley ndi ana awo kunyumba kwanu. Ayese chipinda chanu chosungiramo chakudya, m'litali ndi m'lifupi, achotsere chimene inu ndi amayi mumadya, chotsalacho achilengeze pamsika wa pa boma tsiku Loweruka. Za mayendedwe musade nkhawa. Abale anga njinga ali nazo, matumba ali nawo, masamu akuwadziwa. Chimene akusowa ndi njira ya kwanu basi, ndipo ine ndadzipereka kuwatsogolera.

Ndine wantchito wanu wokhuta ndi manambala,

Sunday Kumwenda,
Tembwe.