Mboni Yopanda Chibale

Liwaladzi,
Nkhotakota.

Kwa Akulu Olandira Ophunzira Akunja,
Koleji ya Unamwino ya Greyharbour,
Kutsidya kwa nyanja zamchere.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada pamaso panu, ngakhale kugwada kwake n'kwa mumtima chabe, poti mwendo wakumanja unasiya kundimvera chaka cha dzana. Ine ndine Mwanahalima Sharifu, mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito, amene sitiroko inabwera kudzandipumitsa kachiwiri. Ndine azakhali ake a Rahila Nasiru, mtsikana amene anapempha malo pa koleji yanu kuti aphunzire unamwino. Dzinali mwina simukulikumbuka, ndipo sindikukuimbani mlandu. Munthu wamkulu ngati inu sangasunge m'mutu ana onse a anthu osauka amene amagogoda pakhomo pake.

Mundikhululukire zilembo zopindikazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Mundikhululukirenso kuti ndalemba m'Chichewa. Chingerezi ndinkachiphunzitsa ndithu, koma chinapita limodzi ndi mbali yakumanja. Komabe sindikuda nkhawa. Mukangotuluka mu ofesi yanu n'kulowa m'chipatala chilichonse cha kwanuko, mupezamo namwino wa ku Dwangwa kapena wa ku Kasungu woti akuwerengereni. Munawatenga ambiri, Mulungu akuonjezereni.

Kalatayi ndaiika poyera chifukwa tikakulemberani mwachindunji amatiyankha ndi makina. Makinawo ndi aulemu kwabasi: amatithokoza, kenako n'kutichenjeza kuti tisawayankhe. Amuna a khalidwe lotere ndinawaonapo m'moyo wanga, koma makina ndi oyamba anuwa.

Ndili ndi zothokoza zingapo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha uthenga wanu woyamba uja, umene unayamba ndi mawu akuti mwamulandira Rahila. Kwathu kuno munthu akati "takulandirani" ndiye kuti mphasa yayalidwa kale ndipo madzi osamba m'manja ali m'njira. Sitinkadziwa kuti kwanuko mumalandira mlendo iye ali panja, chitseko chili chokhoma, inu mukumuwerengera pazenera zimene ayenera kubweretsa kuti mutsegule. Mchimwene wanga Nasiru, bambo ake a mwanayu, atangomva mawu oyambawo anagwetsa mbuzi. A Shehe anabwera kudzapanga duwa, pemphero lathu la Chisilamu, mpunga unaphikidwa wodyetsa mudzi wonse, nthungululu zinamveka mpaka ku msewu. Rahila anayesa kunena kuti uthengawo ukupitirira m'munsimu, koma ndani amamvera mwana mpunga uli pamoto? Lero ana a m'mudzi muno amamutchula kuti Sisita, ndipo amayi amabwera ndi makanda otentha thupi kuti awaone. Mbuzi ija sitikukupemphani kuti mubweze. Tinadya tokha, ndipo inali yonona.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mayeso a pafoni aja. Munalamula kuti mwana akhale m'chipinda chachete, chowala bwino, kumbuyo kwake kukhale khoma loyera. Lamulo labwino zedi. Kungoti kuno m'chipinda mulibe netiweki, ndipo pamene pali netiweki palibe chipinda. Imapezeka pachulu cha m'mbali mwa msewu wa M5. Rahila anaima pamenepo atavala jekete yobwereka, pamene aneba athu, Kulusumu ndi Fauzia, anagwira nsalu yoyera ya pabedi kumbuyo kwake kuti ikhale khoma. Tsikulo kunali mwera. Mayi amene ankafunsa mafunsoyo akuti anadabwa kuona khoma likufufuma, ndipo Rahila anamuyankha kuti nyumba za kunyanja zimapuma. Anakhoza. Anakhozanso mayeso a Chingerezi ku Lilongwe, moti tsopano akhoza kumva munthu wa kwanuko akubuula, n'kuzindikira kuti ndi kubuula.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, zikomo chifukwa cha lamulo lanu lomaliza. Mukuti mwana abweretse umboni woti anasamalirapo odwala. Mukutinso umboniwo usachokere kwa m'bale, chifukwa kusamalira m'bale simukuwerengera ngati ntchito. Ukapanda kufika pakutha pa mwezi uno, malo ake mupatsa wina.

Bwana, ndiloleni ine mbuli ndikufotokozereni mmene timadwalira kuno. Munthu akagonekedwa m'chipatala sapita yekha. Amapita ndi womudikirira, amene timati gadiyani. Namwino alipo, ndipo ndimam'lemekeza, koma ndi mmodzi pa wodi yodzaza mpaka pansi, chifukwa anzake ali kwanuko. Iye amabaya jakisoni, kuika diripi, n'kuthamangira kwa wina amene akutsirizika. Kusambitsa wodwala, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda pamsana, kumumwetsa phala, kutaya za m'beseni, kuchapa zimene sinditchula m'kalata yopita kwa munthu wolemekezeka, zonsezo ndi za gadiyani. Amagona pansi pa bedi, amaphika kuseri ndi nkhuni zochokera kumudzi. Ndipo gadiyani sachita kulembedwa ntchito. Amachita kulozedwa pa msonkhano wa banja, ndipo chala chimakonda kugwera mtsikana wofatsa amene sadziwa kukana.

Kwathu chala chimenecho chinagwera Rahila atangomaliza Fomu 4, ndipo sichinachokepo. Anadikirira mayi ake mpaka tinawaika. Anadikirira mkulu wake pa uchembere wovuta. Anadikirira agogo ake aakazi amene ankamutukwana m'mawa n'kumudalitsa masana. Tsopano ali ndi ine. Zaka ziwiri ndili chigonere, koma bwerani mudzaone msana wangawu: ulibe chilonda ngakhale chimodzi. Zonsezi ndinazilemba bwinobwino ndi dzanja lomweli n'kukutumizirani. Makina anu anandithokoza, kenako anati ndine m'bale.

Ndinagona n'kuganiza, poti kugona ndiye ntchito yanga. Ndinazindikira kuti mukunena zoona. Kuchapa matewera a munthu wamkulu amene sukumudziwa ndi luso lofunika satifiketi. Kuchapa a azakhali ako ndi masewera.

Chachinayi, zikomo potipatsa ntchito yosaka mlendo, chifukwa yatiphunzitsa mbiri ya banja lathu. Tinakhala pansi n'kufunsana kuti kodi pa anthu onse amene Rahila anawagwira, palibe ndi mmodzi yemwe wosakhala wathu? Rahila anakumbukira mayi Enelesi, akazi a bambo Maliko a ku Mwadzama. Mayiwa anagona bedi loyandikana ndi langa nditagonekedwa kuchipatala, gadiyani wawo atathawira kokolola mpunga. Rahila ankawasambitsa ndi kuwadyetsa phala lomwe ankandiphikira ine, mpaka anachira. Iwo ndi Akhristu, ife Asilamu. Iwo a kum'mwera kwa boma, ife a kumpoto. Tinati Alhamdulillah, mlendo wapezeka.

Tinawaitana, anabwera mokondwa atanyamula nkhuku. Cholakwa chathu chinali chimodzi: tinawalandira mwaulemu. Tikanangowapatsa cholembera pakhomo pomwepo, bwenzi lero Rahila akusita zovala za ulendo. Koma kuno mlendo sumuyamba ndi pepala. Umam'patsa pokhala, umam'funsa za kumudzi, ndipo mchimwene wanga Nasiru, amene pakamwa pake sipadziwa tchuthi, anafunsa funso lija limene aliyense amafunsa: "Nanga kuchimuna kwanu ndi kwa yani, mayi?"

Ndinayesa kutsokomola. Ndinagwetsa kapu dala. Koma mayi Enelesi anali atayamba kale kufotokoza, ndipo Nasiru anali atatseka maso, akuwerenga mayina a akufa ndi zala. Tiyi asanazizire zinadziwika kuti agogo awo aamuna a mayi Enelesi anabadwa bere limodzi ndi agogo athu aakazi, amene anakwatiwa kuno kalekale n'kulowa Chisilamu. Anakumbatirana, analira. Nasiru anafuula kuti, "Wallahi, ndimaona ine kuti mphunoyi ndi yathu!" Ine ndinaliranso, koma changa chinali china.

Ndinanong'oneza Rahila kuti chibale chakutali chotere sichioneka pa kompyuta. Anakana. Akuti pepala lanu lili ndi malo olumbira kuti mboniyo si m'bale mwa njira ina iliyonse, ndipo iye sangayambe ntchito yogwira miyoyo ya anthu ndi bodza. Mwanayu tinamulera bwino mopitirira muyeso, ndipo ndikupepesa. Mayi Enelesi anabwerera kwawo ali msuweni wathu, ndipo atiitana kale ku chinkhoswe cha mwana wawo. Tinataya mboni, tinapeza ukwati woti tikasonkhere.

Kuchokera tsiku limenelo tayesa ena awiri. Tikangofukula pang'ono, fupa limatulukira. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma sanatiuze kuti lidzatsamwitsa mwana pakhosi. Kuyambira ku Nkhunga mpaka ku Mwadzama, aliyense amene Rahila angamutembenuze ndi wathu, ndipo amene si wathu amasanduka wathu akangodya phala lake. Kwanuko ndamva kuti n'zosavuta. Akuti munthu akhoza kukalamba m'nyumba yodzaza alendo okhaokha, ana ake akumutumizira maluwa pa Khirisimasi. Dziko lotukuka limaoneka ndithu.

Chachisanu sichothokoza, bwana. Ndatopa nako kuseka.

Dzulo Rahila akundipaka mafuta kumsana anati, "Azakhali, mwina ndi Allah amene wakana. Nanga ine nditapita, inu azikutembenuzani ndani?" Ananena mofatsa, ndipo m'mawu mwake ndinamva munthu amene wayamba kutula katundu pansi. Ndinachita mantha kuposa tsiku limene mkono wanga unagwa. Ndikuidziwa njira imeneyi. Ine ndikadzapita, chala chidzamulozanso kwa wina, kenako kwa wina, mpaka tsiku lina adzapezeka ali pamwamba pa bedi iye mwini, asanalandirepo ngakhale yunifolomu. Ndinamukalipira kuti manja ake ndi olimba ngati a mkazi wosenda chinangwa ndipo ndatopa nawo. Anaseka, poti akudziwa kuti ndikunama.

Zondisamala musade nazo nkhawa. Kulusumu wavomera. Iye amanyamula munthu ngati thumba la makala, ndipo amayankhula osapuma, koma sindifa ndi zimenezo. Ndikuopa, inde. Usiku woyamba mwanayu atachoka sindidziwa kuti ndidzautha bwanji. Koma mantha anga ndi anga, asakhale unyolo wa mwana wa mchimwene wanga.

Tsono poti vuto ndi chibale, ndaganiza zokuthandizani. Ine Mwanahalima Sharifu, mutu uli bwinobwino ngakhale thupi lili theka, ndikulengeza pamaso panu ndi pamaso pa onse owerenga kalatayi kuti kuyambira lero Rahila Nasiru si m'bale wanga. Sindinamubereke kumsana mayi ake ali kudimba. Sindinamuphunzitse kugwira pensulo. Sindinamumange chitenje tsiku limene anakula. Ndi mtsikana wina chabe wa m'mudzi muno amene amabwera m'mawa uliwonse kudzasambitsa nkhalamba yolongolola imene si kanthu kwa iye, ndipo ntchito yake ndi yabwino koposa. Akafuna kubwera kudzandilira ndikadzafa, mudzam'patse tchuthi chimene mumapereka pa maliro a munthu wachilendo. Chikakhala kuti kulibe, asabwere, aphunzire.

Nasiru akamva zimenezi akomoka, ndipo a Shehe abwera kudzandilangiza. Ndidzathana nawo ndekha. Inu mungolandira umboniwu mwezi usanathe.

Pempho langa lomaliza ndi laling'ono, bwana, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri, lamoyo ndi lakufa lomwe. Inunso mukukula. Tsiku lina mudzagona chagada ngati ine, mukuyang'ana denga, mukudikira munthu woti akutembenuzeni. Ana anu adzakhala otanganidwa, monga ayenera kukhalira ana a munthu wofunika. Chitseko chidzatseguka, adzalowa namwino wakuda wa mawu ofatsa, atanyamula beseni la madzi ofunda. Adzayamba wayesa madziwo ndi chigongono, kenako adzakufunditsani nsalu kuti musachite manyazi, ndipo pokutembenuzani adzakuuzani kaye kuti akukutembenuzani. Mudzaona kuti akukugwirani ngati ndinu wake. Chonde musadzamudzudzule. Ndi chizolowezi choipa chimene anatengera kuno, pa ntchito ija simuiwerengera.

Ine wanu wogona pansi pa mapazi anu,

Mwanahalima Sharifu,
wodwala wa Rahila Nasiru,
amene ndilibe naye chibale chilichonse.