Ndinakiya Ukwati wa Mlamu Wanga

Kuchimuna ndilibe vuto, koma kwa apongozi anga ku Area 23 akamakonza ukwati, pa nkhani ya kamera dzina langa silitchulidwa. Amandipatsa ntchito yonyamula mipando. Sindidandaula, ndinaziputa ndekha.

Cha m'ma 2006 ndinali ndi kashopu ku Kawale, pafupi ndi msika. Munali kompyuta imodzi ya kaunjika, ya sikirini yachimutu ija yolemera ngati thumba la simenti. Ntchito yanga inali kutaipira anthu ndi kubena nyimbo. Munthu ankabwera ndi chimbale cha mnzake, ine n'kumukoperera pa chimbale chopanda kanthu, iye n'kumapita akuimba mluzu. Pa mapulogalamu onse amene anali m'kompyutamo panalibe ndi imodzi yomwe imene ndinagula. Tinkangopatsana ngati mchere.

Pakhonde pa shopuyo panali benchi, ndipo madzulo alionse pankakhala a Mbewe, otsogolera kwaya ya mpingo wina ku Biwi. Kwaya yawo inavutika chaka chonse kuti ijambule chimbale, ndipo chitangotuluka, ine ndinachibenera theka la Kawale (anali mnzanga, n'chifukwa chake ndinkachibena iwo akachoka).

"Achimwene, zimene mukuchitazi n'kuba," ankatero.

"Kuba n'kutani, a Mbewe? Ndikakuberani nkhuku, kwanu kulibe nkhuku. Chimbale chanu chili kuti?"

"Chili kunyumba."

"Ndiye ndaba chiyani? Uku n'kupala moto. Mayi akakapala moto kwa aneba, kwa anebako moto umazima?"

"Suzima. Koma nkhuni anakatola ndani?"

Apo ndinkangokweza mawu. Mkangano unkafika pachimake tikayamba ya maloko amene azungu ankaika pa zimbale ndi mapulogalamu kuti anthu asakopere. Ine ndinkadana nawo kobasi. "Chinthu ndagula n'changa! Munthu angakugulitse khasu n'kukuuza kuti uzilimira munda umodzi wokha?" A Mbewe ankangopukusa mutu n'kunena kuti loko woteroyo akanapezeka mu Malawi muno, kwaya yawo bwenzi ikuvala mayunifolomu.

Ndiye kunabwera ukwati wa Tadala, mng'ono wa mkazi wanga. Apongozi anali atapeza kale wojambula, koma ine ndinaimirira pamsonkhano wa banja n'kudziguguda pachifuwa. "Amayi, mukalembe munthu wakunja pomwe muli ndi mkamwini wa zamakompyuta? Zisiyeni m'manja mwanga." Mkazi wanga, mayi a Chiko, anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinayesa akundiyamikira.

Ndinabwereka kamera ya tepi kwa wojambula wina wa ku Area 24, ndipo kunena zoona ndinajambula bwino. Kutchalitchi kunali kowala, zithunzi zinatuluka mbee. Kuholo kunali kamdima, koma perekaniperekani yense ndinamugwira, aliyense akuvina n'kumaponya zake. Ndinakhala masiku ndikudula, kulumikiza, kuikamo maluwa ndi timitima touluka. Nditamaliza ndinaonera ndekha n'kuomba m'manja.

Pamenepo mpamene Satana anandilowa. Ndinayamba kuganiza: achibale onsewa afuna chimbale. Ndikapereka chimodzi, mawa chili kwa anyamata obena nyimbo ku Biwi, mkuja aliyense ali ndi chake, thukuta langa lapita mahala. Nkhuni zimene ankanena a Mbewe zija ndinazimva kulemera kwake pamutu panga. Koma kwa iwo sindinakaulule, ayi.

Mnzanga wina anali ndi chimbale chodzaza mapulogalamu, ndipo mmenemo ndinapezamo yokiyira mavidiyo. (Inde, nayonso inali yokopera. Loko wakuba woletsa kuba.) Panatuluka chizungu chambirimbiri cha tizilembo ting'onoting'ono, ine n'kumangodina kuvomera, osawerenga. Vidiyo inakiyidwa. Ndinaiyesa pa kompyuta yanga, inaoneka bwinobwino. Popeza malo m'kompyutamo anali ochepa, yosakiya ija ndinaifufuta. Kamera ndinabweza, ndipo mwini wake Loweruka lomwelo anajambulira chinkhoswe cha anthu ena pa tepi yomweyo.

Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi, banja lonse linasonkhana kwa apongozi kudzaonera. Pabalaza panadzaza, ena ankasuzumira pazenera. Ine ndinakhala pakampando pafupi ndi khomo monga mkamwini waulemu, koma mtima uli m'mwamba. Ndinaika chimbale m'dividi. Inalira, inaliranso, kenaka n'kuchilavula. Ndinachipukuta ndi malaya n'kuchibwezeramo. Inachilavulanso. Tinakabwereka dividi ya aneba, nayo inakana.

Amalume ake a Tadala, mkulu wa ku Likuni wosachedwa kuyankhula, anatsokomola. "Mkamwini, kodi chimbalechi chadwala?"

"Ayi amalume, chili bwino. Kungoti chili ndi loko."

"Loko? Anaika ndani?"

"Ndine."

"Ndiye tsegulani."

"Kiyi wake ndilibe. Zikuoneka kuti ali kwa eni pulogalamu, kunja."

"Kunja kuti? Kwa azungu? Azungu anabwera ku ukwati uno?"

Apongozi anangoyang'ana mwana wawo, mkazi wanga, ndi maso aja akuti ndinakuuza.

Chizungu chija nditachiwerenga mawa lake, ndinapeza kuti vidiyoyo inkatheka kuoneka pa kompyuta imene inakiyidwirapo basi. Kuti itseguke kwina, pankafunika nambala yochokera kwa eni ake, ndipo nambalayo ankapatsa anthu amene anagula pulogalamuyo mwachilungamo. Ndikanawalembera ndikuti chiyani? Kuti moni bwana, ine wakuba wanu wa ku Kawale, ndithandizeni?

Motero ukwati wa Tadala unatsala m'kompyuta yanga, ndipo aliyense wofuna kuuona, kompyutayo inkayenera kumutsatira. Ndinayamba ndi ku Area 23, chisikirini pamiyendo m'minibasi, kondakitala akukalipa kuti chimutu chimenechi chilipire mpando wake. Potsika ndinkabwereka wilibala. Akuchimuna ku Chinsapo atamva anati nafenso ndi ukwati wathu. Ndinapita. Azakhali a ku Area 25 anati iwo anaponya kwambiri pa perekaniperekani, ayenera kudziona. Ndinapitanso. Shopu inali yotseka, makasitomala akuthawira kwina, ine ndili pamsewu kuyendetsa ukwati pa wilibala.

Tsiku lina ndikukankha chomwecho fumbi lili kumaso, ndinakumana ndi a Mbewe. Anaima n'kuvula chipewa.

"Pepani achimwene, ndani watisiya?"

"Musandiyambe, a Mbewe."

"Ayi, ndangomva kuti loko tinkamufuna uja mwamupeza. Moto uja mwaukiyira m'nyumba eti? Mutibwerekeko akwayafe."

"Mfundo yanga sinasinthe," ndinatero. "Maloko ndi oipa. Taonani mmene andivutitsira."

"Wakuvutitsani ndi loko kapena mwini dzanja lokiya?"

Ndinakankha wilibala n'kumapita.

Zinasiya kuseketsa pamene Tadala anabwera kushopu. Mwamuna wake anali atapeza ntchito ku Mzuzu, ndipo ankanyamuka Loweruka. Anakhala pa benchi ya a Mbewe ija n'kuyang'ana pansi.

"Alamu, ine ukwati ndi umodzi womwewu. Ndipite ku Mzuzu ndi chiyani? Anzanga akadzandifunsa ndidzati uli m'kompyuta ku Kawale?"

Analira. Mwana amene ndinamupeza ali ku pulaimale, amene ankandisungira nkhwiru ndikapita kwawo. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Kunyumba mayi a Chiko sanazungulire. "Bambo a Chiko, mwana wa amayi akanyamuka wopanda ukwati wake, inu muzikadya kwa azungu anuwo."

Nzeru inandibwerera Lachisanu m'mawa, ndipo ndinadziona ngati katswiri. Loko amaletsa kukopera, koma saletsa maso. Chimene maso akuona, kamera ingaonenso. Ndinathamangira ku Area 24 kukabwerekanso kamera, ndinaikhazika pa mulu wa mabuku moyang'anizana ndi sikirini, masipika ndinawasendeza pafupi kuti mawu alowe bwino, ndinatseka chitseko n'kuyambitsa vidiyo.

Unali mwezi wa Okutobala, masana, m'kashopu ka malata. Anthu inu, munkatentha ngati m'ng'anjo. Ndinatsegula kazenera kam'mbali kuti kamphepo kalowe. Sikanakwanire. Ndinavula malaya. Ndinavula vesiti. Ndinakokera mpando kumbuyo kwa kamera, n'kutenga nzimbe imene ndinagula pamsika kuti indiperekeze, poti ukwati wa kwathu kuno sufulumira. Ndipo munthu ukakhala wekha ukuonera abale akuvina, pakamwa sipakhala chete.

Nditamaliza ndinayang'ana poyambirira pokha, pa zakutchalitchi paja. Timizere tinkayenda pang'ono, koma nkhope zinkaoneka. Ndinabena zimbale zambiri, zopanda loko, zaulere. Chimodzi ndinakapereka kwa Tadala kudepoti Loweruka m'mawa, ndipo anandikumbatira. Zina ndinagawa kwa akuchimuna, kwa azakhali, kwa aliyense wotambasula dzanja.

Lamlungu tinasonkhananso kwa apongozi. Dividi inameza chimbale osalavula, ndipo anthu anaomba m'manja. Amalume anati, "Koma mkamwiniyu sukulu anapitadi." Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa.

Kenaka vidiyo inafika kuholo, kwa kamdima kuja. Galasi la sikirini likachita mdima limasanduka kalilole. Ine zimenezo sindinaziganize. Pamwamba pa akwati panayamba kuoneka chinthu chotuwa, chozungulira, chonyezimira thukuta, chowalitsidwa ndi dzuwa la pakazenera kaja.

"Kodi icho n'chiyani chikuyandama pa keke?" anafunsa amalume.

Chinthucho chinadzikanda. Kenaka panatulukira dzanja lonyamula nzimbe, ndi nkhope yanga ikusenda ndi mano n'kulavulira pambali. Mkamwini amene sanadyepo mbale imodzi ndi apongozi ake, amene ankapatuka panjira akawaona, anali pa kanema wawo mimba ili pamtunda, mchombo uli pakati pa mkwati ndi mkwatibwi.

Ndinkati zathera pomwepo. Ndinaiwala kuti kamera ili ndi makutu. Pa vidiyopo amalume anatulukira akuvina, ndipo pamwamba pa nyimbo panamveka mawu anga, omveka bwino kuposa a mwini mwambo: "Taonani awa. Kuvina konseku ndalama ili m'manja, akuopa kuisiya. Ponyani, akulu, siikulumani!"

Wina pazenera anaphulika nako kuseka. Amalume anavula magalasi. Ndinadzuka kuti ndikazimitse, koma miyendo ya anthu inali ponseponse, ndipo ndisanafike, apongozi anali atalowa m'bwalo pa kanemapo, chitenje chili m'chiuno, akuvinira mwana wawo.

"Eee! Eee! Amayi!" anakuwa motero mawu anga, nzimbe ili m'kamwa. "Chiuno chimenechi ankachibisa kuti? Azimayi a kumpingo sakuzidziwa izi!"

Apongozi anadzifunditsa chitenje kumutu, anadzuka n'kulowa kuchipinda. Ine mmene ndinatulukira m'nyumbamo sindikumbuka. Ndinazindikira ndili pasiteji, nsapato imodzi ili m'manja.

Ndinati ndijambulenso, nditavala jekete ndiponso nditatseka pakamwa. Lolemba kompyuta inakana kuyaka. Mabampu a wilibala anali ataimaliza, ndipo wokonza ataitsegula anangoti pepani. Ukwati wa Tadala unatsala umodzi padziko lonse, wa mimba yangawo.

Ndinayendayenda kutolera zimbale zija, koma zinali zitabereka kale. Ku Biwi chinalipo, ku Kaliyeka chinalipo, ku Mgona ankachionetsa m'kanyumba ka mavidiyo filimu ya nkhonya isanayambe. Ndinapita kwa mnyamata wina wobena nyimbo kukamuchonderera, ine, mwini wake wa mfundo ya khasu.

"Aise, usachikoperenso. Ndi ntchito yanga imeneyo."

"Akulu, chimbale chimenechi n'chimene chikutidyetsa mwezi uno," anatero, kenaka anandiyang'anitsitsa. "Dikirani. Si inu a nzimbe?"

Tadala anaimba foni kuchokera ku Mzuzu. Poyamba ankaseka mpaka kutsamwa, akuti keke akudulira pamchombo panga. Kenaka anasiya kuseka. "Koma alamu munandilakwira. Ana anga adzaonera chimenechi." Mawu amenewo mpaka pano amandiwawa.

Kwa apongozi ndinapita ndi ankhoswe anga titanyamula tambala. Anatilandira nkhope ili kumbali, tambala analandira, mlandu unatha. Patapita masiku mayi a Chiko anabwera ndi kaphukusi kochokera kwa amayi awo. Munali malaya atsopano, a mabatani mpaka pakhosi. "Akuti muzivala mukamagwira ntchito."

A Mbewe timakanganabe. Ine ndimanenabe kuti maloko ndi oipa, ndipo umboni ndine ndemwe. Koma akanabwera munthu ndi loko wokiya chimbale chimodzi chokhacho, ndikanagula, weniweni, wa risiti.

Patatha zaka, Tadala anabwera kudzacheza ndi mwana wake woyamba, kamtsikana kochenjera. Anakauza kuti kapereke moni kwa ankolo. Kanabwera, kanagwada bwinobwino n'kundipatsa dzanja, koma kumaso sikanandiyang'ane. Maso ake anali pamimba panga. Kenaka kanacheukira mayi ake.

"Amayi, ndi awa eti?"