Nyenyezi pa Dazi la Jenerali

Pulani inaphikidwa Lachitatu masana kwa Mai Daisy ku Chirimba: mabotolo a kachasu awiri, mitu itatu, nzeru palibe. Wophika wamkulu anali alamu anga, a January, akulu awo a bambo a mwana wanga Atikonda. Amadzitcha Jenerali, ngakhale nkhondo imene anamenyapo ndi ya nsikidzi yokha, ndipo kapusi savula chifukwa cha dazi. Kumanja kwawo kunali Yona, wodziwika kuti Chimimba. Kumanzere kunali Bonface, amene timamutcha Waya poti akaima chammbali simumuona. Zonsezi anandiuza pambuyo pake ndi Mai Daisy, amene makutu awo sapita kutchuthi.

"Amwene, tamverani dilu," anatero Jenerali. "Madala amene alamu anga amawagwirira ntchito ku Mpingwe ali ndi katundu. Ndinaona ndekha tsiku ndinkakonza mpopi. Timapepala tochokera kunja! Satikhudza ndi chala, amatigwira ndi kachitsulo kopanira, diso lili pa galasi. Ndiuzeni, chinthu chogwira ndi kachitsulo padziko pano n'chiyani? Dayamondi basi!"

"Ndiye tikagulitsa kuti, bigi?" anafunsa Waya.

"Iwe mfana, katundu wabwino amadziitanira yekha wogula."

Katunduyo ine ndimamudziwa kuposa iwo. Abwana anga, a Hamdani, chisiyireni shopu yawo ku Limbe, amakhalira kulumikiza tindege tankhondo tapulasitiki, totalika ngati chikhatho. Akatipenta amamatapo timasitika: nyenyezi, manambala, timawilo tofiira ndi tabuluu. Ta m'bokosi la ndegemo amati n'tabodza, ndiye amaitanitsa tina kunja n'kudikira miyezi. Ine ntchito yanga n'kubweretsa madzi ofunda m'kambale. Akaviika pepala pang'ono chabe, kasitika kamatsetsereka kokha n'kumata pa chilichonse chili pafupi. N'chifukwa chake amatisunga m'chitini cha mabisiketi, m'kabati yokiya, kutali ndi chinyezi. Makiyi a geti, a nyumba ndi a kabatiyo, ena ali ndi iwo, ena anandipatsa ine.

Lachinayi madzulo Jenerali anabwera kwathu, ati kudzaona mwana. Munthu amene sanamugulirepo Atikonda ngakhale switi! Anamunyamula, anamuvinitsa pafupi ndi msomali umene ndimakolekapo makiyi, n'kutsazika. Mmawa makiyi kulibe. Ndinaganiza kuti agwera kuseri kwa bedi, ndipo poti linali tsiku la sikelo, ndinabereka mwana n'kuthamanga.

Lachisanu masana a Hamdani amapita kumzikiti. Akuluakulu atatu aja analowa pageti ngati eni nyumba. Chitini anachisiya, ati chimachita phokoso. Mapepala anawagawana.

"M'kati mwa malaya, pamimba penipeni," analamula Jenerali. "Wapolisi amasecha chikwama, sasecha mchombo."

Anatuluka akuyenda ngati ameza ndodo. Koma mvula ya ku Limbe siodira. Asanafike pasiteji inali itawasambitsa kale. Kenako minibasi ziwiri mpaka ku Chirimba, mawindo otseka, anthu anayi pampando, thukuta lili chuchuchu.

Atafika kwa Mai Daisy anakokera benchi kuseri, n'kusolola chuma chawo. Mapepala onse ali mbee, opanda kanthu.

"Atilodza madala aja!" anakuwa Waya.

"Bigi," anatero Chimimba ataweramira mimba yake, "bwanji ndili ndi nambala?"

Nambala inalipodi, pamodzi ndi nyenyezi khumi ndi mbendera zinayi za mayiko amene sanawamvepo. Anapempha ndowa ndi zitsononkho, n'kuyamba kupalana ngati akupala mbuzi.

Nthawi imeneyo ine ndinali nditaima m'chipinda cha a Hamdani, mwana kumsana, chitini chili pululu patebulo.

"Amake Atikonda," anatero mosakweza mawu, "loko sanathyole. Makiyi anga ndi awa. Anu ali kuti?"

Sanandikalipire, ndipo ndi zimene zinandiopsa. Ndinadziwa kuti mawa ntchito palibe. Sukulu ndinalekera Fomu 2. Ndani wina angandilembe ntchito n'kundilola kubwera ndi mwana? Ndinayang'ana mvula pawindo, ndinayang'ana kambale kanga kaja, n'kukumbukira gule wa alamu pafupi ndi msomali.

"Bwana, lizani galimoto. Katundu wanu ndikudziwa kumene wamata."

M'njira ndinawafotokozera za alamu ndi msomali uja. Tinawapeza kwa Mai Daisy atakhala mwaulemu ngati akwaya, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi.

"Alamu, mwabwera ndi alendo?" anatero Jenerali. "Ife chikhalireni pano kuyambira mmawa."

"Malaya anyowa ndi chiyani?" ndinafunsa.

"Denga la Mai Daisy limadontha."

"Denga la amako!" anayankha Mai Daisy ali kukhitchini.

Chimimba anadzipereka yekha, n'kukweza malaya. Mimba ili psuu ngati phwetekere, koma kasitika ngakhale kamodzi. Waya chimodzimodzi. A Hamdani anandiyang'ana. Kenako ndinaona kansonga ka pepala kakusuzumira pansi pa kapusi ya Jenerali, kakudontha madzi.

"Alamu, mukulankhula ndi munthu wamkulu chipewa chili kumutu? Kwanu ku Bangula anakulerani choncho?"

"Ndili ndi chimfine, alamu."

"Aaa, vulani bigi," anatero Chimimba mokoma mtima. "Tilibe chobisa ife." Ndipo anawavula yekha.

Pepala linagwa pansi. Padazi paja panali patayasama kukamwa kwa chinsomba cholusa kumene amamata pamphuno ya kandege, mano ngati sowo, kuchokera khutu ili mpaka ilo. Pamwamba pake nyenyezi zinayi zitandandalika, ndi kamuvi kofiira kosonyeza potulukira moto.

Chimimba anaimirira, benchi n'kumugwetsa Waya. "Bigi! Munatibisira pepala? Si tinalumbira m'nyumba muja kuti tigawana onse mofanana?"

"Khala chete, chitsiru iwe!"

"Ndipo lalikulu lija!" anawonjezera Waya ali pansi. "Ndine ndinalitulutsa m'chitini!"

A Hamdani anatulutsa galasi lawo m'thumba, n'kuunika dazilo modekha, mbali ndi mbali.

"Ili ndinalidikira miyezi itatu," anatero. "Lamata bwino, lopanda khwinya. Kungoti mwalizondotsa."

Makiyi anapezeka m'sokosi ya Jenerali. A Hamdani anawapukuta ndi mpango n'kundiikira m'manja. "Mawa seveni koloko, amake Atikonda. Koma msomali uja muuzule."

Apolisi atabwera analetsa alamu kukhudza mutu kapena kuvala kapusi, ati umenewo ndi umboni. Ndiye anadutsa nawo mumsika wonse wa Chirimba dzuwa litatulukanso, dazi likunyezimira, mavenda ataima mbali zonse akumenya sawasha. Zaka zonsezi akudzitcha Jenerali, tsiku limenelo ndiye anavaladi nyenyezi.